Makhoti a m'dera: woweruza, namwino ndi mlangizi m'nyumba imodzi, zimayenda bwanji?

Nagama: Akuluakulu, ndithandizeni. Nkhani ya makhoti a m'dera, aja amati woweruza, namwino ndi a zachisamaliro cha anthu amagwirira ntchito m'nyumba imodzi, imangokambidwa pamwamba. Aliyense amati ndi abwino, koma palibe akufotokoza kuti munthu akagwidwa lero ataba m'sitolo, mawa chimachitika n'chiyani, amayamba kumuona ndani, ndipo akapanda kuchita zimene wauzidwa zimatha bwanji. Amene mukudziwa tsatanetsatane wake tiuzeni.

Mwale: Mayi Nagama, khoti loyamba la mtunduwu ndi Midtown Community Court, limene linatsegulidwa ku Manhattan, New York, mu 1993, pafupi ndi Times Square. Milandu yake inali ing'onoing'ono: kuba m'sitolo, kulembalemba pazipupa, kukwera sitima osalipira, kugulitsa malonda mumsewu popanda chilolezo, uhule. Ku khoti lalikulu milandu yotere inkatha m'mphindi zochepa. Munthu ankauzidwa kuti usiku umene wagona m'chitokosi wakwanira, kapena ankapatsidwa chindapusa chimene aliyense akudziwa kuti salipira, ndipo posakhalitsa nkhope yomweyo inkabweranso. Pambuyo pake panatsegulidwa Red Hook ku Brooklyn mu 2000, Hatfield ku Pretoria mu 2004, North Liverpool mu 2005, Collingwood ku Melbourne mu 2007 ndi la ku Vancouver mu 2008.

Kayendedwe kamasiyana malo ndi malo, koma kwenikweni kamakhala motere. Munthu asanaonekere pamaso pa woweruza amayamba wakhala pansi ndi wofunsa mafunso amene si wapolisi komanso si woimira boma pamlandu. Amafunsidwa kumene wagona dzulo ndi dzana, ngati ali pantchito, ngati ali ndi chiphaso, mowa amamwa wochuluka bwanji, mankhwala ozunguza bongo amagwiritsa ntchito ati, ngati anagonekedwapo chifukwa cha matenda a maganizo, komanso ngati pali mankhwala a kuchipatala amene wasiya kumwa. Ali ndi ufulu wokana kuyankha. Kenako ogwira ntchito amakumana mmawa womwewo kuona zimene zapezeka. Ku Vancouver pamakhala a zaumoyo, a zanyumba, a chithandizo cha ndalama ndi oyang'anira anthu amene akugwirira chilango kunja kwa ndende. Maganizo awo amapita kwa loya wa munthuyo ndi kwa woimira boma, koma wogamula ndi woweruza.

Chigamulo chofala ndi tsiku limodzi kapena masiku angapo a ntchito yosamalira dera, monga kusesa kapena kupenta chipupa, kuphatikiza kukumana ndi mlangizi. Amene vuto lake ndi lozama amatsatiridwa kwa miyezi, n'kumabwera kudzaonekera kwa woweruza yemweyo.

Pamene pagona nkhani ndi apa. Woweruza akangomaliza kulankhula, munthu sapatsidwa kapepala kuti Lachinayi akapezeke ku chipatala cha kutsidya kwa tawuni. Wina amanyamuka naye pomwepo, kuyenda naye pakhonde, kukamulowetsa m'chipinda cha namwino kapena mlangizi. Munthu wopanda foni, wopanda ya basi, wogona panja, kapepala kamanyowa m'thumba Lachinayi lisanafike. Khoti limene lasiya kuperekeza anthu tsiku lomwelo latsala ndi dzina lokha.

Nasibeko: Ndionjezere mbali ya chipatala, chifukwa ambiri amaganiza kuti namwino wa pakhoti ntchito yake ndi kusiyitsa anthu mowa. Ntchito yake yoyamba ndi kuona amene angafe lero kapena mawa.

Munthu amene thupi lake linazolowera mowa tsiku ndi tsiku akausiya mwadzidzidzi, monga zimachitikira akatsekeredwa, amayamba kunjenjemera ndi kutuluka thukuta pakati pa maola 6 ndi 24. Akhoza kugwa ngati wakhunyu m'maola 48 oyamba, ndipo pakati pa maola 48 ndi 72 ena amabalalika mutu, kuona zinthu zoti palibe, mtima n'kumathamanga. Gawo limenelo limapha. Tawerengani maola: wagwidwa Lolemba madzulo, akuonekera kukhoti Lachiwiri kapena Lachitatu, ndiye kuti akulowa m'khoti nthawi yoopsayo. N'chifukwa chake namwino amafunsa mafunso awiri asanafunse china chilichonse: munamwa liti komaliza, ndipo munagwapo kapena kukomoka mutasiya kumwa? Akati eya, wotereyo si wokasesa msewu masana, ndi wa kuchipatala. Poyeza kukula kwa vuto ambiri amagwiritsa ntchito AUDIT ya World Health Organization. Ili ndi mafunso 10, mapointi amafika 40, ndipo kuyambira 8 amati kamwedwe kafika poopsa.

Za heroin ndi mankhwala ofanana nayo n'zosiyana. Kusiya kumapweteka kwambiri koma kawirikawiri sikupha. Chimapha ndi kubwerera. Thupi likakhala masiku angapo osalandira limataya kuzolowera, ndiye mlingo umene munthu ankabaya kale umaimitsa kupuma. Kafukufuku wa ku Washington State wofalitsidwa mu 2007 anapeza kuti m'masabata awiri oyamba munthu atatuluka m'ndende, chiopsezo chofa ndi mankhwala opitirira mlingo chinali kuwirikiza ka 129 poyerekeza ndi anthu ena. Choncho woweruza akamati akagone m'ndende masiku khumi kuti aphunzire, adziwe chimene akuchita. Amene ali pa methadone kapena buprenorphine, mankhwala a kuchipatala olowa m'malo mwa heroin, asadulidwe mankhwala ngakhale tsiku limodzi, ndipo potuluka apatsidwe m'manja naloxone, mankhwala otsitsimutsa wokomoka ndi heroin, iye ndi mnzake amene amakhala naye, chifukwa wokomoka sadzipatsa yekha.

Nagama: Mayi, ndiye kuti namwino akhoza kumuyambitsa buprenorphine pomwepo pakhoti?

Nasibeko: Zimadalira malamulo a dziko pa amene aloledwa kulemba mankhwala. Komanso pali nthawi yake: buprenorphine amayambitsidwa zizindikiro za kusiya zitayamba kale kuoneka. Mukamupatsa heroin akadali m'thupi, mumamugwetsera m'ululu woopsa nthawi yomweyo, ndipo munthu wotero sadzabwereranso kwa inu.

Chisale: Bambo Mwale afotokoza bwino, koma afotokoza tsiku limene zonse zayenda. Ine ndikambe kumene makhotiwa amapweteka anthu amene akuti akuwathandiza.

Ganizirani anthu awiri oba sopo m'sitolo. Woyamba wapita ku khoti wamba, wauzidwa kuti usiku wa m'chitokosi wakwana, wapita, nkhani yatha. Wachiwiri wapita ku khoti la m'dera, wanena zoona kuti amamwa ndipo alibe pogona, wapatsidwa miyezi isanu ndi umodzi yoonekera kukhoti, kuyezedwa mkodzo ndi kupita kumaphunziro. Walephera kawiri, palembedwa chikalata chomumangira, ndipo tsopano akulowa m'ndende osati chifukwa cha sopo koma chifukwa chosamvera khoti. Wapwetekera kunena zoona. Lamulo loyenera kulembedwa khoti lisanatsegulidwe ndi lakuti zimene munthu akulamulidwa kuchita zisapose chilango chimene mlandu wake ukanabweretsa. Mlandu wa tsiku limodzi, lamulo la tsiku limodzi. Chithandizo china chonse chikhale chofuna yekha, khomo lotsegula, popanda ndende kumbuyo kwake.

Apolisi nawo akadziwa kuti kukhoti kuli namwino ndi pogona, amayamba kumanga anthu amene kale akanangowachenjeza, poganiza kuti akuwachitira chifundo. Mapeto ake njira yachidule yopezera chithandizo imakhala kumangidwa. Red Hook ndi Collingwood anachita bwino pamenepa polola kuti munthu wa m'dera alowe kudzapempha chithandizo wopanda mlandu uliwonse.

China ndi kuvomera mlandu. Makhoti ena amafuna munthu avomere kaye asanalandire chithandizo, ena amaimitsa mlandu, munthu akamaliza n'kuuthetsa. Kusiyanaku n'kwakukulu. Wovomera amatsala ndi mbiri ya mlandu imene imamutsekera ntchito ndi nyumba, ndipo kwa mlendo m'dziko ikhoza kumuthamangitsa. Loya ayenera kumuona munthu payekha asanavomere chilichonse, ndipo loya amene wazolowerana kwambiri ndi timu moti sakutsutsanso umboni wofooka waiwala ntchito yake.

Mwale: Sindikutsutsa, achimwene. Kungoti munthu wanu woyambayo, amene wapita nkhani yatha, amabweranso mobwerezabwereza, ndipo masiku ake a m'chitokosi mukawaphatikiza chaka chonse si ochepa. Kumusiya nakonso ndi chilango, kungoti sichilembedwa pena paliponse.

Chisale: Zoona. Koma icho palibe amene amachitcha chithandizo.

Tamanda: Tiyeni tione zimene zinayezedwa. Bungwe la National Center for State Courts linaunika Red Hook n'kutulutsa zotsatira mu 2013. Akuluakulu amene milandu yawo inadutsa kumeneko anali ndi mpata wochepa ndi 10 peresenti womangidwanso m'zaka ziwiri poyerekeza ndi anzawo a ku khoti wamba, ndipo kwa ana kusiyana kunali pafupifupi 20 peresenti. Si zodabwitsa kwambiri, koma ndi zenizeni. Nkhawa ya a Chisale inaonekanso momwemo: oweruzidwa kupita kundende pachiyambi anali ochepa, koma ena anakalowabe pambuyo pake atalephera kutsatira zimene analamulidwa.

Chochititsa chidwi ndi chifukwa chimene ofufuzawo anaona kuti chikufotokoza bwino kusinthako. Sanaloze kwenikweni chithandizo cha mankhwala kapena kuopa chilango. Analoza mmene anthu ankaonera kuti achitiridwa mwachilungamo. Katswiri Tom Tyler ndi amene anaunika kwambiri mfundoyi: anthu amamvera lamulo akapatsidwa mpata wolankhula, akalemekezedwa, akamvetsa chimene chikuchitika, komanso akaona kuti woweruza sakukondera. Ku Red Hook mpando wa woweruza Alex Calabrese unaikidwa motsika kuti aziyang'anana maso ndi maso ndi wozengedwa mlandu, ndipo iye anakhala pamenepo zaka zambiri. Munthu akabwera mwezi wotsatira amapeza woweruza amene akukumbuka kuti anali kufunafuna ntchito, n'kumufunsa kuti zatha bwanji.

Liverpool inayenda mosiyana. Anatengera Red Hook, anali ndi woweruza mmodzi, David Fletcher, ndi mabungwe ambiri m'nyumba imodzi. Kauniuni wa unduna wa zachilungamo mu 2012 sanapeze umboni woti kupalamulanso kwachepa poyerekeza ndi makhoti ena. Milandu yobwera kumeneko inachepa, nyumba inali yodula kuyendetsa, ndipo linatsekedwa mu 2014. Otsutsa kutsekako ankati phindu lina, monga chikhulupiriro cha anthu a m'dera, silinayezedwe bwino kuyambira pachiyambi. Kaya ndani analondola, khoti limene silinayambe kusunga ziwerengero tsiku loyamba lilibe chodzitetezera tsiku la bajeti.

Mbewe: Nkhani ya woweruza wabwino ndaimva, koma woweruza sangalamule bedi kuti lipezeke. Makhotiwa amagwa pamene lamulo lilipo koma malo kulibe. Woweruza wanena kuti munthu ayambe chithandizo cha mowa, kumaloko akuti adikire miyezi itatu, m'miyezi itatuyo wagwidwanso, ndipo mufayilo mwalembedwa kuti walephera. Walephera ndani?

Zofunika khoti lisanatsegule zitseko: mgwirizano wolemba ndi bungwe lililonse, wonena kuti lasungira anthu a kukhoti malo angati pa sabata, wowalandira ndani, ndipo akapanda kufika auzidwa ndani pasanathe tsiku. Kungogwirizana pakamwa kumatha bwana akasamutsidwa. Wogwira ntchito amene wabwerekedwa kuchokera ku bungwe lina akhale ndi mphamvu yotsegula kompyuta ya kwawo ali pakhoti pomwepo, apo ayi amangokhala wolemba makalata otumiza anthu kwina.

Ndipo muyambe ndi chiphaso. Wogona panja katundu wake amabedwa kapena kutayidwa, ndipo popanda chiphaso sangalembetse nyumba, chithandizo cha ndalama kapena ntchito. Kuti apeze chiphaso akufunika kalata ya kubadwa ndi adiresi, zimene alibe. Khoti lanzeru limalola adiresi yake kugwiritsidwa ntchito polandirira makalata.

Za nyumba, kale ankati munthu ayambe wasiya mowa kenako apatsidwe nyumba. Njira ya Housing First, imene Sam Tsemberis anayambitsa ku New York mu 1992, inatembenuza zimenezi: nyumba kaye, chithandizo pambuyo. Ku Canada anaiyesa m'mizinda isanu, kuphatikizapo Vancouver, ndipo anthu anakhazikika m'nyumba kuposa a njira yakale. Pa kusiya mowa ndi mankhwala kusiyana sikunali kwakukulu, tisanamizane, koma munthu wodziwika pogona mumadziwa komupeza akajomba kukhoti.

Nagama: Nanga zimene munthu wauza namwino zija, woimira boma amazimva? Ngati amazimva, ndani anganene zoona?

Chisale: Funso limenelo ndi limene limasonyeza ngati khoti lamangidwa bwino. Payenera kukhala pepala la chilolezo limene munthu amasainira loya wake ataliona, lonena kuti ndi chiyani chingauzidwe, kwa ndani, mpaka liti. Khoti lingofuna kudziwa ngati wafika ndiponso ngati akutsatira. Zoti anagwiriridwa ali mwana, kapena ali ndi HIV, sizikhudza woimira boma. Pakhalenso lamulo lolembedwa kuti zonenedwa pofunsidwa mmawa sizingakhale umboni pamlandu uwu kapena wina. Ku United States zolemba za chithandizo cha mowa ndi mankhwala zili ndi chitetezo chapadera pansi pa lamulo la 42 CFR Part 2. Koma chinsinsi kawirikawiri sichiululika m'mafayilo. Chimaululika pakhonde, anthu a mabungwe osiyana atazolowerana n'kumacheza. Ubwino wa kukhala m'nyumba imodzi ndi womwewo umene umabweretsa vutoli.

Nasibeko: Ndipo munthu auzidwe malire ake asanayambe kulankhula, osati atamaliza: kuti akanena zofuna kudzipha, kuvulaza wina, kapena za mwana amene akuzunzidwa, namwino sangasunge.

Tamanda: Pali cholakwa china chofala chimene chimachokera ku mtima wabwino, kupereka chithandizo chochuluka kwa amene sakuchifuna. Akatswiri a ku Canada, Andrews ndi Bonta, anaonetsa kuyambira cha m'ma 1990 kuti chithandizo chozama chimagwira kwa amene chiopsezo chawo chopalamulanso n'chachikulu, pamene kwa a chiopsezo chochepa chikhoza kuipitsa zinthu. Mnyamata wogwidwa koyamba, wapantchito, mukamuika m'gulu katatu pa sabata ndi anthu amene akhala akulowa ndi kutuluka m'ndende, mwamujombetsa kuntchito n'kumupezera anzake atsopano. Makhoti amakonda anthu a chiopsezo chochepawa chifukwa amamaliza bwino ndipo ziwerengero zimakongola. Ku Vancouver, kafukufuku wa ku Simon Fraser University anapeza kuchepa kwa kupalamula pakati pa gulu la chiopsezo chachikulu lija, limene linkatsatiridwa ndi timu yapadera.

Mwale: Tibwerere ku funso lomaliza la Mayi Nagama, la munthu amene sanachite zimene anauzidwa. Choyamba ndi kusiyanitsa amene sakufuna ndi amene sangathe. Kujomba kwambiri n'kuiwala, kusowa ya basi, kusowa wosiyira mwana, kapena kuopa kuchotsedwa ntchito. Ku New York anapeza kuti kungokonzanso fomu yoitanira anthu kukhoti kuti tsiku ndi malo zioneke pamwamba, ndi kutumiza uthenga wapafoni wokumbutsa, kunachepetsa kujomba. Ndiye asanalembe chikalata chomumangira, ayambe amuimbira, atumize womufunafuna kumene amagona, ampatse masiku angapo oti abwere yekha osamangidwa.

Akapezeka kuti akuchitira dala, chilango chikwere pang'onopang'ono: chenjezo la woweruza, kuonekera pafupipafupi, kuonjezera tsiku la ntchito, ndende kumapeto kwenikweni. Chofunika n'chakuti yankho libwere msanga ndipo likhale lodziwikiratu. Chilango chaching'ono cha sabata yomweyo chimagwira kuposa chachikulu chobwera patatha miyezi inayi. Kuyamikira nako kumagwira ntchito, monga kuchepetsa masiku oonekera kapena kuitana ochita bwino poyamba kuti apite msanga.

Nasibeko: Pamenepo ndisiyanitse zinthu ziwiri zimene oweruza amasakaniza. Kujomba kapena kunama ndi khalidwe, munthu akhoza kusintha lero. Kubwerera ku mowa kapena mankhwala m'miyezi yoyamba ndi mbali ya matendawo. Yankho lake ndi kusintha chithandizo, osati ndende. Mukalanga munthu chifukwa wavomera kuti wamwa, mawa sadzavomeranso.

Samalaninso ndi kuyeza mkodzo. Kachipangizo koyezera pompopompo nthawi zina kamaloza molakwika chifukwa cha mankhwala ena a kuchipatala, choncho munthu akakana, mkodzo upite ku labu kukatsimikiza asanalangidwe. Chamba chimaoneka kwa masabata angapo mwa wosuta kwambiri ngakhale atasiya, pamene heroin ndi cocaine zimasowa m'masiku awiri kapena atatu. Khoti losadziwa zimenezi limalanga amene wasiya chamba n'kuyamikira amene wangowerengera masiku.

Mbewe: Mawu akuti dera nawo tiwayang'ane. Makhotiwa amakhala ndi komiti ya anthu a m'dera yolangiza za mavuto ndi malo ogwirirako ntchito ya chilango. Obwera kumisonkhano kawirikawiri ndi eni masitolo ndi eni nyumba, ndipo chimene amafuna n'chakuti ogona panja asaoneke. Ogona panjawo nawo ndi a m'dera lomwelo. Komiti yopanda achinyamata, opanga lendi ndi anthu amene anadutsapo m'khotilo imasandutsa khoti tsache la amalonda. Komitiyo isakhudzenso mlandu wa munthu aliyense, ikambe za dera basi.

Wolakwiridwa asaiwalike. Mwini sitolo amene waberedwa kangapo ali ndi ufulu wodziwa kuti nkhani yatha bwanji, ndipo kubweza katundu kapena kukumana maso ndi maso kuchitike pokhapokha iye wafuna. Red Hook inayambitsa mu 2013 njira yoyanjanitsa anthu imene inaphunzira kwa a Navajo, mtundu wa anthu eni nthaka a ku America. Imathandiza pa mikangano ya oyandikana nyumba ndi achibale. Pa nkhanza za pakati pa mwamuna ndi mkazi njira zoyanjanitsa n'zoopsa, chifukwa woopsezedwa amavomera chilichonse ali pamaso pa womuopseza.

Nagama: Zikomo nonse. Funso lomaliza kwa Mayi Nasibeko: Bambo Mwale ati zonse zagona pa kuperekeza munthu tsiku lomwelo. Nanga mlandu ukatha Lachisanu madzulo, maofesi atatseka?

Nasibeko: Ndi tsiku limene anthu ambiri amasowera. Njira yake ndi kukonza ndandanda kuyambira mmawa. Wofunsa mafunso akaona munthu wopanda pogona, wa matenda a maganizo, kapena wa methadone, fayilo yake iikidwe pamwamba kuti aitanidwe isanakwane 12 koloko, malo olandirira anthu akadali otsegula. Amene ali ndi kwawo ndi ntchito akhoza kudikira masana. Wotuluka Lachisanu apatsidwe mankhwala okwanira mpaka Lolemba ngati lamulo likulola, apo ayi adziwe malo otsegula Loweruka ndi Lamlungu okalandirirako. Bedi la usikuwo litsimikizidwe pafoni, ndi dzina la womulandira, munthuyo asanatuluke pakhomo. Lolemba mmawa wina ayambe ndi mndandanda wa otuluka Lachisanu, kuimbira malo aliwonse kufunsa ngati anafika, ndipo amene sanafike afunidwe tsiku lomwelo woweruza asanauzidwe kuti wajomba.